Sindinawauze Anzanga a Ndege

Loweruka, Matero. Tsiku la fumbi, thupi lolemera.

Magetsi anabwera masana, ndiye ndinayatsa kompyuta imene anandisiyira mwana wanga Tiya. Aka n'koyamba kubwerera ku masewera oyendetsa ndege chimwalirire amake. Gulu lathu la pa intaneti limauluka limodzi kuchoka pachilumba china kupita pa chinzake. Lamulo n'lakuti palibe wonyamuka mpaka womaliza atatera. Womaliza ndimakhala ine nthawi zonse.

Kale amake Tiya ankakhala pampando wapulasitiki pambali panga, akusadzula chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu, n'kumakalipa: "Batate bake Tiya, tsikani bwino, mundigwetsera m'madzi, ine sinidziwa kusambira!" Mawu awo ankalowa m'maikolofoni, anzanga n'kumaseka. Nyanja yeniyeni sanaionepo.

Lero ndinatera bwino kuposa masiku onse, ndege osadumpha n'komwe. Bambo wa ku Kenya amene amatsogolera gulu anafunsa kuti, "Mdala, amayi aja ali kuti? Tawasowa. Lero palibe wokukalipirani?"

Chala chinali pa batani loyankhulira, koma sindinadine. Ndinangolemba kuti maikolofoni yavuta. Ndege zawo zinaima pamzere kundidikira, ine ndikuyang'ana mpando uja. Kenako ndinawatsatira mpaka chilumba chomaliza, msana ukuwawa.

Ku tchalitchi akudziwa, kumsika akudziwa, aliyense amandipatsa moni wapansipansi. M'gulu limeneli mokha ndi mmene amake Tiya akadali moyo. Loweruka likubwerali adzafunsanso. Mwina ndidzawauza, koma ndikawauza...