Khadi ya ku Mauritius ndi zilembo zitatu za m'kope

Aphungu,

Ndikulemba ndi chimwemwe chachikulu, koma ndili ndi vuto. Ndine bambo wa zaka 41, ndimakonza mawailesi ndi ma TV ku Chirimba. Chaka chatha ndinapeza laisensi yolankhulana ndi anzanga a mayiko ena pa wailesi yanga. Eriyo ndinapanga ndekha ndi mapaipi a makatani. Setilaiti ikamadutsa kumwambaku ndimailozetsa eriyoyo, mawu anga n'kukagwera kutali. Imangodutsa mphindi khumi, ikazimirira basi zatha.

Loweruka lina m'mawa mu Juni, Aphungu, zinatheka! Atangomva kuti ndi Malawi, anthu anayamba kundilimbirana ngati oitanira minibasi ku Limbe. Wa ku Kenya, awiri a ku Joni, wina wa ku Madagascar. Ndinavina pabwalo eriyo ili m'manja.

Manja anga onse amakhala otanganidwa, ndiye mayi akunyumba, a Petronela, ndi amene amalemba m'kope nambala yoitanira ya munthu aliyense ndi nthawi yake. Mwambo wathu ndi woti mukalankhulana mumatumizirana khadi yotsimikiza, koma pokhapokha ngati makope anu akugwirizana.

Munthu womaliza ali pakati potchula nambala yake, aneba anayatsa makina owotcherera zitsulo, wailesi yangoti phwaaa! Mayi anangogwirapo zilembo zitatu, 3B8, zomwe zimangosonyeza kuti munthuyo ndi wa ku Mauritius.

Sabata yatha kwafika khadi yochokera komweko. Ndi mdala wa zaka 78. Walemba kuti, "Ndasaka Malawi zaka khumi ndi chimodzi. Ndatsala ndi inu nokha kuti ndilandire satifiketi ya anthu amene alankhula ndi mayiko ambiri. Chonde nditumizireni khadi yanu." Tsiku ndi nthawi zikugwirizana, koma kunena zoona sindikukumbuka kuti ndinamuyankha.

Mnzanga Onesimo akuti, "Akulu, ingotumizani, adziwa ndani?" Nditapempha mayi kuti amalizitse nambalayo m'kope, anandiyankha kuti, "Ine sindilemba zimene khutu langa silinamve." Tinakangana, ndipo akuti sadzagwiranso bolopeni. Ndichite chiyani? Mdalayo ndikumumvera chisoni.

K.L.M., Chirimba

Bambo K.L.M.,

Choyamba landirani moni wa mafumu. Mapaipi a makatani kufika mpaka ku Mauritius! Ine anga amangogwa ndi makatani omwe.

Za mawailesizi ndine mlendo, choncho ndinakafunsa a Venansio, mkulu wina wa ku Naperi amene wakalamba nazo. Yankho lawo ndi la akazi anu ndi limodzi: kumvana theka si kulankhulana. Khadi musatumize.

Koma mdalayo musamusiye m'malere. Mulembereni lero lomwe, mumuuze chilungamo: munamva 3B8, kenako phokoso. Mupanganenso tsiku ndi nthawi imene setilaiti idzadutse pakati pa inu awiri. A Venansio akuti mipata yotere siisowa. Munthu amene wadikira zaka khumi ndi chimodzi sangalephere masabata awiri. Aneba anu muwagwadire kuti tsikulo adzazimitse makina kwa mphindi khumi zokha, mwinanso muwaitane adzamvere nawo.

Kuyambira pano muziika foni pambali pa wailesi izijambula mawu, kuti pokayikitsa muzibwerezanso kumvera. Zonse muzilowetsa m'kope tsiku lomwelo. Muzilemba nthawi imene anzanu onse a mawailesi amayendera, yomwe imatsalira maola awiri poyerekeza ndi yathu ino. Pomwe simunamve bwino ikanipo chizindikiro cha funso, osadzazapo za m'mutu.

Kenako mukapepese kwa mayi. Inu mumaona ngati akuumitsa mutu, koma akusunga dzina lanu. Olankhula kuchokera ku Malawi ndinu ochepa, ndiye khadi yanu ndi yamtengo. Bwanji nawonso asakalembe mayeso a laisensi? Khutu ali nalo kale.

Chenjerani ndi uphungu wa a Onesimo. Akufunsa kuti adziwa ndani. Mudziwa ndinu, adziwanso ndi mayi amene mumadzuka nawo m'mawa uliwonse. Ndipo mukangonama kamodzi, wa ku Kenya ndi anzake aja adzayamba kukayikira makhadi anu oona omwe.

Aphungu