Modemu Yaima, Sammy Ali ku Balaka

Lolemba, 4 Ogasiti
Ulongwe. Holide ndi ya anthu ena. Ine ndili ndi pulojekiti ya chaka chomaliza: modemu ya wailesi yoyeserera pa laputopu, yoti tsiku lina izidzatumiza uthenga wa nyengo kwa alimi a ku Chikweo, komwe netiweki imapezeka pachulu. Mbali yotumiza imaphwanya uthenga kukhala timanambala, masampulo, n'kumatithira ku mbali yolandira. Lero masampulo ayenda pang'ono, kenako zii. Osanena n'komwe chalakwika. Ulemu wake.
Amayi: "Wailesi yanji yosaimba?"

Lachiwiri, 5 Ogasiti
Ndaimbira Sammy, mnzanga wa pulojekiti, katswiri wa dziko lonse, ali kwawo ku Balaka. "Thimitsa, uyatsenso." Maphunziro onse aja, nzeru yake ndi imeneyi. Ndathimitsa, ndayatsa. Yaimanso pomwe paja, mokhulupirika.
Masana magetsi nawo athima, kuti modemu isasungulumwe.

Lachinayi, 7 Ogasiti
Ndatsata masampulo bokosi ndi bokosi. Akutuluka bwino, akudutsa pa sefa, akafika pa bokosi lofufuza poyambira uthenga akuunjikana ngati matumba a chimanga pasiteji. Bokosilo likufuna mulu waukulu kuposa malo osungira. Malo adzaza, wotumiza akudikira malo, bokosi likudikira masampulo ena. Aliyense akudikira mnzake, ngati komiti ya ukwati.
Anakweza nambala ya kukula kwa muluwo ndani? Pambali pake palembedwa monyadira: "ndakonza, Sammy."
Tikalephera ndiye kubwereza chaka, pomwe amayi analengeza kale kwa azimayi onse a kumzikiti kuti ndikumaliza.

Lachisanu, 8 Ogasiti
Ndatsitsa nambala, ndakulitsa malo osungira. Yayenda! Uthenga woti MVULA MAWA watuluka mbali inayo wathunthu. Ndalira pang'ono, zopusa.
Ndisanamuuze Sammy, meseji ya aphunzitsi: mnzanga watumiza kale ntchito, akuti anaigwira yekha poti "Lukiya watanganidwa ndi zapakhomo." Aphunzitsiwo akufuna Sammy akaionetse ikuyenda Lolemba. Watumiza yoima ija. Alhamdulillah.

Loweruka, 9 Ogasiti
Foni ikungolira, ndi Sammy. Ilire, ili ndi kanyimbo kabwino.

Lamulungu, 10 Ogasiti
Sammy wabwera pa minibasi. Malaya osita, laputopu m'khwapa, shuga ndi buledi m'manja. Ababa ataona shugayo amukhazika pakhonde, atumiza mawu kwa amalume a Twalibu. Ndikumvera pawindo.
"Kwanu n'kuti, achimwene? Mwana wathuyu mwadziwana naye liti?"
Sammy: "Iyayi bambo, ine ndabwerera modemu."
Ababa: "Tonse tinayamba choncho."
Yokonza ija ndimupatsa, pakuti akagwa ndigwa naye. Koma ayambe waimbira aphunzitsi ine ndili pomwepo, anene amene wagwira ntchito.
Amalume afika kumene, avala mkanjo wa Lachisanu, akumufunsa ngati nkhumba angaisiye. Ndithamangirenji? Tiyi sanawire.