Yofiira Yanditalikira

Lachisanu madzulo, ku Mikolongwe.

Lero mtima sunakhale m'malo. Achimwene anga a Fulaye anandiperekeza ku Limbe kukaona njinga zamoto ziwiri zomwe ndikufuna kusankhapo imodzi, zazing'ono koma zopangidwa ngati zampikisano. Wogulitsa ankangoyankhula ndi iwo, ngati wogula sindine.

Yofiira ndi yamphamvu, koma yanditalikira. Nditakwera, zala zokha ndi zomwe zinakhudza pansi. Njinga inapendekeka, achimwene n'kuigwira msanga, anthu m'sitolomo n'kuseka. Yakuda ndi yaifupi ndipo mapazi anga onse anaponda bwinobwino, kungoti wogulitsa akuti pachitunda imavutika ukanyamula munthu.

Pobwerera mu minibasi achimwene anati, "Tenga yofiira iwe, uzolowera. Nane ndizibwerekako Loweruka."

Ndinangoti, "Ndamva, achimwene."

Komatu woyenda m'matope ndi bokosi la katemera wa ng'ombe kumsana ndine. Ikandigwera kudambo ndidzakhala ndekha, wondidzutsira palibe.

Mawa ndikatenga yakuda. Iwo sindinawauze. Ndatulutsa foni kawiri kuti ndiwaimbire, kawiri konse ndaibweza m'thumba. Achimwene akakwiya sakalipa, amangosiya kukuyankhula, ndiye ine...