Stelia Sanabwerebe ku Chipata

Asuweni a Greyson,

Akulemba ndi Nduna ya Zachuma ya ku Mlonyeni, mwini mbuzi imodzi. Muli bwanji ku Chipatako?

Kale tinkakusekani mukamanyamula kwacha yanu m'jumbo pokagula sopo. Munadula maziro atatu aja pa ndalama yanuyo mu 2013, ndipo lero onyamula jumbo ndife. N'chifukwa chake Lolemba mwana wanga Stelia anatenga mtedza kukagulitsa kwanuko, kudzera njira yakutchire. Lero ndi Lachisanu, foni yake siikupezeka. Chonde mukafunse kumsika. Akakhala kulibe, kwina kofunsa mukukudziwa, sindikutchula.

Ndine msuweni wanu,
Lameki

Amayi ake a Stelia ndawauza kuti mwanayo anaimba foni dzulo, ali kwanu, akudya nkhuku. Zimenezo ndangopeka. Akakuimbirani, muvomere.