Matepi a Atate M'munda wa Mpunga

Achimwene okondedwa,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno ku Kakumbi tili bwino, kupatula bondo la amayi.

Njovu itagwetsa nkhokwe, tinapezamo chitini cha matepi a nyimbo za jazi amene malemu atate anajambula ndi gulu lawo. Ndisanawamvere n'komwe, amayi anasolola zingwe za matepi asanu n'kuzimanga m'munda wa mpunga kuopseza mbalame. Akuti phokosolo lapeza ntchito tsopano.

Tepi yotsala ndinaiika m'wailesi. Lipenga likulira ngati mvuu yachimfine, koma pakati atate akuseka n'kufuulira amayi, "Esinati, tavina!"

Amayi atamva anati, "Iyi yokha mbalame zisaione."

Chonde tumizani kachipangizo kosamutsira nyimbo m'foni, tepiyi isanaduke. Lipengalo tilipirira, chomwe tikufuna ndi kuseka kwa atateko.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yotamu