Simwaka khumi ndi awiri, Namwaka khumi ndi mmodzi

Lamulungu, 9 Juni 1996

Masabata asanu ndi awiri chimwalirire mkazi wanga Suwilanji. Kutchalitchi sindinapite.

Ndilembe za Loweruka lija ndisanaiwale. Anachapa m'mawa. Tinatsikira limodzi kumsika wa Nsungwi. Usipa, anyezi, sopo. Anakangana pang'ono ndi mayi wa tomato kuti mulu wachepa. Masana anayala mapepala ake patebulo, ine ndikumata chikuto cha Baibulo la mayi wina wa mvano. Anati, "A Kaonga, guluu wanuyo akununkha, kamatireni pakhonde." Ndinatuluka. Basi. Lolemba anagwa m'kalasi ku koleji. Lachitatu n'kutisiya.

Lachitatu, 12 Juni

Kunabwera Mayi Zuhra, mnzake wa ku koleji. Awiriwa ndi amene ankalowetsa makadi a sikelo m'kompyuta, kuti mayi akataya kadi mbiri ya mwana isatayike. Zipatala zing'onozing'ono zitatu.

Akuti akunja amene amathandiza ntchitoyi akufuna kuona ngati ipitirire. Muyeso wawo ndi zolemba za Suwi. Akatswiri anzake anazitchula kangati m'zolemba zawo, ndipo analemba pamodzi ndi yani. Omutchula akachepera makumi awiri, atseka. Makadi abwerere m'makatoni.

Ndinafunsa ngati ana a kusikelo amawerengedwa nawo. Ayi, akatswiri okha.

Tiyi ndinawapatsa wopanda mkaka. Manyazi.

Loweruka, 15 Juni

Mndandanda wafika. S. Simwaka, omutchula khumi ndi awiri. S. Namwaka, khumi ndi mmodzi. Amuyesa anthu awiri, ndipo onse alephera.

Kwathu ku Chitipa ngakhale mwana amadziwa. Wamwamuna ndi Simwaka, mlongo wake ndi Namwaka. Kusekondale mphunzitsi wa kuno kuchigawo chapakati anangolemba dzina la bambo ake pasatifiketi. Pasipoti inatsata pomwepo. Ali kusukulu kunja ankalemba Simwaka. Atabwera anati zakwana, iye si mwamuna, nayamba kulemba Namwaka.

Kumapeto kwa kalata akupepesa za imfa ya Mayi Namwaka, n'kufunsa ngati Bambo Simwaka angapitirize ntchito. Ndinaseka. Koyamba chichokere kumanda. Kenako sikunalinso kuseka.

Lachiwiri, 25 Juni

Kalata ya alamu anga a Joel. Abwera pa 20 Julayi kudzatenga katundu. Amayi a Suwi akufuna zonse zimene mwana wawo anagwira, ndi bokosi lachitsulo lomwe.

Bokosilo lili kuseri kwa chitseko. Sindinalitsegule. Kiyi ali m'kapu yake.

Kuzizira. Fumbi la Area 25 lalowa mpaka m'mabuku a anthu.

Lachisanu, 5 Julayi

Ndatsegula. Fungo la mafuta ake odzola. Ndinayamba ndatuluka kaye.

Zonse zilimo. Kalata ya ubatizo, Namwaka. Satifiketi, Simwaka. Tsiku lobadwa limodzi. Zolemba zisanu ndi ziwiri, zina zodinda, zina za pamanja, zilembo zake zopendekera kumanzere. Madisiki khumi omanga ndi mphira ya tsitsi. Pepala la amene analemba nawo, mayina asanu ndi anayi: Zuhra, Donald wina wa ku Zomba, azungu awiri, ena sindiwadziwa. Langa mulibe. Silikanakhalamo. Ine ndinkangodula mapepala kuti afanane m'mbali.

Umboni wakwana. Khumi ndi awiri kuphatikiza khumi ndi mmodzi. Ndinawerenga kawiri ngati mwana wa Sitandade 2.

Lolemba, 8 Julayi

Mayi Zuhra sanakondwe monga ndimayembekezera. Akuti munthu akadzitchula yekha sawerenga. Namwaka anatchula zolemba za Simwaka kanayi. Akakhala munthu mmodzi, zinayizo zichoka. Zitsala khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Chimodzi chokha kuperewera.

Anapinda mpango wawo. Kenako anati, "Bambo Kaonga, tingowauza kuti anali anthu awiri a gulu limodzi, Simwakayo anasamuka. Aphatikiza okha. Inu musaname, mungokhala chete." Analira ponena. Si munthu wabodza. Amaganiza za makadi.

Inenso ndikuganiza za makadi. Zaka zisanu Suwi ankabwera kunyumba maso atafiira nawo.

Lachinayi, 11 Julayi

Sindinagwire ntchito. Buku la nyimbo limene a Mwawi anabweretsa kuti ndikonze likadali losasoka.

Akanatani Suwi? Ntchito ankaikonda. Koma ndinamuona akufufuta "Si" ndi cholembera pa envelopu iliyonse yochokera kunja, n'kulembapo "Na". Envelopu yoti aitaya.

Ndikakhala chete, theka la mutu wake lipita kwa mwamuna amene sanabadwe.

Loweruka, 20 Julayi

A Joel anafika ndi basi ya m'mawa. Zitenje, madiresi, nsapato, yunifolomu ya mvano, mbale zake za paukwati, zonse m'bokosi lachitsulo. Ndinawanyamulira mpaka pa siteji. Anafunsa za mapepala. Ndinati amayi sangavale mapepala. Anangogwedeza mutu. Munthu wabwino.

Zolemba zisanu ndi ziwiri ndazisoka pamodzi, ulusi wawiri, chikuto cha nsalu yobiriwira. Kalata ya ubatizo ndi satifiketi ndaziika patsogolo, moyang'anana. Pamsana dzina limodzi: SUWILANJI NAMWAKA.

Ndakapereka kwa Mayi Zuhra ku Biwi, ndi madisiki omwe. Ndinati atumize, alembe khumi ndi zisanu ndi zinayi. Analitembenuza bukulo, nati, "Akatseka, Bambo Kaonga?" Ndinati sindikudziwa. Sanandiperekeze.

Yankho akuti Seputembala.

Kuseri kwa chitseko kwatsala malo oyera pasimenti. Ndimati ndisesepo, koma ndapasiya choncho.