Timabowo Titatu pa Mimba ya Ababa

Hamilton, Canada
9 Meyi 2004

Okondedwa Amayi,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji ku Salimako? Miyendo ija yasiya kutupa? Nanga mng'ono wanga Tasneem ndi khanda lake? Kuno tilipo, amuna anga a Sadiq akugwirabe kufakitale ya zitsulo, ana akupita kusukulu.

Amayi, khalani pansi kaye. Ababa ali bwino, akudya, akuyenda, pano ali pawindo akutsutsana ndi wailesi. Koma sabata yatha anachitidwa opaleshoni, ndipo tinakubisirani.

Zinayamba mu Febuluwale. Tinawaletsa kuchotsa sinowo, chipale chofewa chija, pakhomo ndi fosholo, koma amuna anu mukuwadziwa. M'munsi mwa mimba munatuluka chotupa, iwo n'kukhala chete milungu itatu. Ndinazindikira nditawaona akuswali atakhala pampando, akulephera kugwetsa nkhope pansi. Kuchipatala anati ndi heniya: mnofu wa pamimba wang'ambika, matumbo akutulukira pong'ambikapo, ndipo akapanikizika munthu akhoza kufa.

Cholakwa changa chachikulu ndi ichi. Adokotala, mayi wamfupi wa imvi, anafotokoza kuti sang'amba mimba. Aboola timabowo titatu, alowetsa kamera ndi timikono ta makina otchedwa loboti, iwo atakhala poteropo akuwongolera. Womasulira ndinali ine. Poopa kuti Ababa akamva za makina akana, ndinangoti adokotala agwiritsa ntchito zipangizo zazitali. Koma Ababa liwu loti loboti lija analimva. Anandifunsa kuti za maloboti zabwera bwanji, kodi tili pamsewu? Ine, mwana wanu, ndinati adokotala akulongosola njira yobwerera kunyumba.

Bodzali ndinalisunga masiku anayi. Lachisanu, pochokera kumzikiti, ndinaulula m'basi. Titatsika anati tibwerere kwa adokotala, koma womasulira akhale a Sadiq. Zinandiwawa, koma zinandiyenera.

Kumeneko Ababa anafunsa ngati makinawo amayenda okha. Adokotala anati ayi, sagwedera ngakhale pang'ono popanda zala zawo. Ababa anapempha kuona manja awo, n'kuwayang'anitsitsa. Ndiye anati iwo ndi telala, asoka pa makina zaka makumi anayi, ndipo makina sanawonongepo nsalu ya munthu, amawononga ndi wosokayo. Atamva kuti m'kati muikidwa chigamba, anafunsa ngati chikhale chachikulu kuposa bowolo, chifukwa chigamba cholingana ndi bowo sichikhalitsa. Adokotala anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti iwonso anaphunzitsidwa zomwezo. Apo ndi pomwe Ababa anasaina.

Potuluka anandigwira paphewa nati, "Hasna, chakalamba ndi thupi, koma makutuwa ndi anga. Usadzandisankhirenso choti ndimve." Ndinalira pakhomo pa chipatala, anthu akundiyang'ana.

Opaleshoni inayenda bwino, Alihamudulila. Anagonako tsiku limodzi lokha. Mabalawo ndi aang'ono ngati mabatani a malaya.

Tsopano pempho langa. Ndikhululukireni pokubisirani. Nthawi zonse mukaimba foni n'kufunsa za iwo, ndinkati ali bwinobwino. Ndalemba kalata chifukwa iwo anati tikakuuzani pafoni, muwakalipira asanamalize n'komwe kulankhula. Komabe imbani, Amayi, ndipo akalipireni ndithu. Adokotala aletsa kunyamula zolemera kwa milungu isanu ndi umodzi, koma dzulo ndawapeza atanyamula mdzukulu wawo. Ine sandimvera, amamvera inu.

Chinanso, ngakhale anandiletsa kuti ndisanene. Atatsitsimuka, namwino anatuluka kudzandifunsa kuti "Sikina" amatanthauza chiyani m'chinenero chathu, poti wodwala wawo wakhala akubwereza liwu limenelo, mwina akumva ululu. Ndinamuuza kuti ndi dzina la mkazi wawo. Khanda la Tasneem likalimba, musazengerezenso, bwerani.

Mundiperekere moni kwa Tasneem, amalume a Nasser ndi onse pakhomopo. Allah akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu,
Hasna